Daniel O'Connell—Anakana Kugula Ufulu ndi Mwazi

PA October 7, 1843, makamu a anthu anali kale paulendo wa ku Clontarf, pafupi ndi Dublin, kumene Daniel O'Connell anayenera kulankhula m'maŵa mwake. Mwadzidzidzi boma la Britain linaletsa msonkhanowo ndi kuikako asilikali. Kodi mtsogoleri wokondedwa wa Ireland ameneyu akanachitanji? Iye anatumiza amithenga kukabweza anthuwo. Chosankha chimenecho chinali ndi mizu yakuya.

O'Connell anabadwa mu 1775 ku County Kerry, m'banja lachikatolika. Anakaphunzira ku France, kumene anachokako mu January 1793 chipanduko cha dzikolo chitafika poipa. Mu 1798, chaka chimene anakhala loya, chipanduko china chinaphetsa anthu zikwi zambiri kwawo ku Ireland. Ndiyeno mu 1815 iye mwiniyo anapha John D'Esterre pa kuwomberana kwa anthu aŵiri kotetezera ulemu, monga mwa mwambo wa nthaŵiyo. Chikumbumtima chinamvutitsa kufikira imfa yake.

Panthaŵiyo Ireland analibe nyumba yakeyake ya malamulo, pakuti mu 1801 anali atamphatikiza ku Britain, ndipo Akatolika, ngakhale kuti ndiwo anali ochuluka m'dzikolo, sanali kuloledwa kukhala aphungu ku London. Chida cha O'Connell chinali chodabwitsa: kobiri limodzi pamwezi. Kuyambira mu 1824 alimi osauka anapereka kobirilo ku Catholic Association, gulu limene iye anayambitsa, ndipo kaŵirikaŵiri linasonkhanitsidwa pamakomo a matchalitchi, ansembe akumalimbikitsa anthu awo. Motero guwa la nsembe linaloŵa m'ndale kotheratu.

Atapambana chisankho ku County Clare mu 1828, boma linawopa nkhondo yachiŵeniŵeni, ndipo mu 1829 linalola Akatolika kuloŵa m'Nyumba ya Malamulo. Komabe, panali mtengo wake. Kale mlimi wokhala ndi malo opindula masheleni 40 pachaka anali kuponya voti. Tsopano anafunikira mapaundi 10. Ambiri a osauka omwe anamkweza anatayikidwa voti yawo.

Cholinga chake chotsatira, chobwezeretsa nyumba ya malamulo ku Dublin, ndicho chinafera pa Clontarf. Achichepere a m'gulu lake anaona kubwerera m'mbuyo kwake kukhala mantha, ndipo mu 1844 anakhala m'ndende miyezi itatu. Ngakhale zinali tero, iye sanaleke kutsutsa ukapolo wa ku America, ngakhale pamene zimenezo zinamtayitsa ochirikiza ndi ndalama.

Pamene mbatata zinayamba kuwola m'minda mu 1845, njala inasesa dziko. Mu February 1847 O'Connell, ali nkhalamba yofooka imene mawu ake sanamvekenso bwino, anachonderera Nyumba ya Malamulo kuti ithandize anthu ake. Anamwalira ku Genoa pa May 15 ali paulendo wa ku Rome. Mtima wake anautumiza ku Rome. Mtembo wake uli ku Glasnevin, mu Dublin.