Ron Santo: ulemu udafika mwini atatsikira kulichete

Mumzinda wa Chicago ku America mukatchula dzina la Ron Santo, achikulire amakumbukira mnyamata wamphamvu amene ankasewerera timu ya Chicago Cubs, pomwe ocheperapo msinkhu amakumbukira liwu la bambo amene ankabuula pawailesi timuyo ikagonja. Onsewa amagwirizana chinthu chimodzi: mkuluyu adakhala moyo wake wonse akulimbana ndi matenda a shuga, ndipo kwa zaka zambiri adaibisa nkhondoyo.

Santo adabadwa pa 25 February 1940 mumzinda wa Seattle. Ali ndi zaka 18, pomwe matimu akuluakulu a baseball adali atayamba kumufuna, madokotala adamupeza ndi shuga wa mtundu umene thupi limasiyiratu kupanga insulin. Munthu wotere amayenera kudzibaya jakisoni tsiku ndi tsiku moyo wake wonse.

Mnyamatayu adaopa kuti akuluakulu a timu akadziwa amuchotsa, choncho adasunga nkhaniyo mumtima. Mu June 1960 adayamba kusewera muligi yaikulu atavala yunifomu ya Cubs.

Pamasewero a baseball, wina amaponya kampira kolimba ndipo wina amakamenya ndi chibonga kenako n'kuthamanga kuzungulira malo anayi. Akakamenya mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, imeneyo amati home run. Santo adamenya ma home run 342 m'zaka 15 zimene adasewera. Adalinso katswiri potchinga pamalo achitatu, pomwe mpira umabwera ndi liwiro loopsa, moti adalandira mphotho ya Gold Glove zaka zisanu zotsatizana kuyambira 1964 mpaka 1968. Adasankhidwanso ka 9 m'timu ya akatswiri okhaokha.

Masiku amenewo kudalibe timakina toyezera shuga toyenda nato m'thumba. Santo ankangomvera thupi lake. Akaona kuti wayamba kufooka kapena chizungulire chamugwira, ankadya switi kapena kumwa chakumwa chotsekemera n'kubwerera m'bwalo.

Nkhani imene ankakonda kufotokoza ndi ya mu 1968, pomwe Cubs inkasewera ndi Los Angeles Dodgers. Shuga adamutsikira masewero ali pafupi kutha, nthawi yake yomenya itakwana. M'maso mwake woponya mpira, Bill Singer, ankaoneka ngati anthu atatu, mpiranso ngati itatu. Iye adasankha wapakati, kuumenya, ndipo udadumpha mpanda. Cubs idapambana.

Chinsinsi chija adachiululira dziko mu August 1971, patsiku limene timu yake idakonza lomulemekeza pabwalo la Wrigley Field. Kuchoka apo adasanduka chitsanzo kwa ana odwala shuga, ndipo kuyambira mu 1979 dzina lake lidali patsogolo pa ulendo wa ndawala wa chaka ndi chaka ku Chicago umene udasonkhanitsa madola mamiliyoni ochuluka othandizira kafukufuku wa nthendayi.

Koma padali bala lina limene silidapole. Mu 1969 Cubs idatsogola muligi kwa miyezi ingapo, ndipo Santo adatchuka ndi kadumphidwe kake kogundanitsa zidendene timu ikapambana. Mwezi wa September zinthu zidatembenuka. New York Mets idawapitirira mpaka kukatenga chikho cha World Series. Santo adapuma mu 1974, atasewera chaka chimodzi ku Chicago White Sox, asadalaweko ndime yolimbirana chikho.

Mu 1990 adabwerera ku Cubs ngati muulutsi pawailesi ya WGN, ndipo kuyambira mu 1996 ankaulutsa limodzi ndi Pat Hughes. Santo sankabisa mbali imene ali. Timu ikachita bwino ankakuwa ngati wochemerera wamba, ikalakwitsa ankadandaula ngati kwagwa maliro. Mu September 1998, Brant Brown atagwetsa mpira wosavuta ku Milwaukee n'kugonjetsa timu, kubuula kwa Santo kudamveka m'nyumba zambiri moti mpaka lero anthu amakukumbukira.

Ankadziwanso kudziseka yekha. Tsiku lina mu 2003 ku New York, wigi imene ankavala idayamba kupsa atayandikira chotenthetsera m'chipinda choulutsira mawu. Nkhaniyi idakhala nthabwala ya awiriwa kwa zaka zambiri.

Shuga uja sadamusiye. Mu 2001 madokotala adamudula mwendo wakumanja m'munsi mwa bondo, ndipo mu 2002 adadulanso wakumanzere. Ndi miyendo yochita kupanga, Santo adabwerera pamaikolofoni n'kupitiriza ntchito.

Chimene ankalakalaka kwambiri chidali kulowa mu Hall of Fame, nyumba ya ku Cooperstown yosungira mbiri ya akatswiri a baseball. Atolankhani amene amavota adamukana ka 15. Komiti yoona za osewera akale idamukananso mu 2003, 2005, 2007 ndi 2008. Mu 2003 makamera adali kunyumba kwake ku Arizona kudikira uthenga wabwino, koma adangojambula munthu wokhumudwa.

Mu September chaka chomwecho, Cubs idalengeza kuti nambala 10 imene ankavala sidzavalidwanso ndi wosewera wina. Santo adauza khamu limene lidadzaza Wrigley Field kuti kwa iye ulemu umenewu udali wofanana ndi Hall of Fame ija.

Adamwalira mu December 2010 ku Arizona ali ndi zaka 70, atavutikanso ndi khansa ya m'chikhodzodzo. Mu August 2011 timu yake idaimika chiboliboli chake kunja kwa Wrigley Field.

Mu December 2011, patangotha chaka chimodzi chimwalirireni, komiti ina idamupatsa mavoti 15 mwa 16 olowera mu Hall of Fame. Mkazi wake, Vicki, ndiye adakaimira malemuyu pamwambo wa mu July 2012.

Mu 2016 Cubs idatenga World Series koyamba kuchokera mu 1908. Pat Hughes, amene adakhala pambali pa Santo zaka 15, ndiye adaulutsa chipambanocho pawailesi.