Domenico Zipoli, Woyimba Limba wa ku Roma Amene Adakafera Kutali

Domenico Zipoli adabadwira mumzinda wa Prato, m'dziko la Italia, pa 17 Okutobala 1688. Luso lake pa nyimbo lidaonekera akali mnyamata, kotero kuti Cosimo III, mfumu ya dera la Toscana, adamthandiza kuti aphunzire. Adayamba ku Firenze, napita ku Napoli kwa katswiri Alessandro Scarlatti, kumene sadakhalitse, nadzera ku Bologna, mpaka adakhazikika ku Roma.

M'chaka cha 1715 adasankhidwa kukhala woyimba limba m'tchalitchi cha Gesù, likulu la matchalitchi a Ayezuiti, momwe mudagona thupi la Ignacio Woyera wa ku Loyola. Chaka chotsatira adasindikiza buku la nyimbo za limba zimene akatswiri akuziyimbabe mpaka lero. Anali ndi zaka 27 zokha. Munthu wina akadakhala pampando umenewo mpaka imvi, ndipo palibe akadamdzudzula.

Koma m'chaka chomwecho cha 1716 Zipoli adanyamuka ku Roma, napita ku Sevilla m'dziko la Spain, nalowa Chipani cha Yesu, chomwechi chimene patsogolo pake chidadzatsegula misyoni ya Lifidzi ku Angónia. Amene dzulo lake ankayimbira akuluakulu a Mpingo adasanduka novisi, womvera belu ndi mawu a mkulu wa nyumba monga anzake onse. Mu Epulo 1717 adakwera chombo ku Cádiz pamodzi ndi amisyoni oposa 50, nakocheza ku Buenos Aires mu Julaye, patapita miyezi itatu ali panyanja. Kuchokera apo padatsala makilomita ngati 700 opita ku Córdoba, ulendo umene masiku amenewo unkayendedwa pa ngolo za ng'ombe.

Ku Córdoba adakhalanso pabenchi ngati mwana wa sukulu, kuphunzira filozofiya ndi teolojiya kuti adzakhale wansembe. Limba sadalitaye ayi. Ankatsogolera nyimbo m'tchalitchi cha Ayezuiti, nalemba Misa, masalmo ndi nyimbo za pa zikondwerero. Apa mpamene pali chozizwitsa cha moyo wake. Katswiri wozolowera makutu a ku Roma adayamba kulembera makwaya a m'midzi ya misyoni, kumene Aguarani ndi Achiquito ankapanga okha zeze wa azungu, zitoliro ndi malimba. Alembi ankakopera mapepala ake pamanja, amithenga nawatengera kutali, kudutsa mitsinje ndi nkhalango.

Maphunziro adawamaliza, koma unsembe sadaulandire, popeza nthawi imeneyo ku Córdoba kunalibe episkopi woti amdzoze. Adadikira. Ali chidikirire, matenda adamgwira, ndipo adamwalira pa 2 Januwale 1726, ali ndi zaka 37, asadaperekepo nsembe ya Misa ngakhale kamodzi. Ku Ulaya anthu adasunga buku lake koma mwini wake adamuiwala, mpaka m'chaka cha 1941 pamene Lauro Ayestarán wa ku Uruguay adalemba kuti woyimba limba wa ku Gesù ndi Myezuiti wa ku Córdoba anali munthu mmodzi.

Amene adasunga nyimbo zake zolembera ku America ndi akhristu wamba. Pamene mfumu ya Spain idapirikitsa Ayezuiti m'chaka cha 1767, midzi ya Achiquito, m'dziko limene lero ndi Bolivia, idatsala yopanda abambo ake aja. Oyimba sadaleke. Adapitiriza kuyimba, nasamala mapepala a makolo awo mibadwo ndi mibadwo. M'chaka cha 1972 mmisiri Hans Roth wa ku Switzerland adafika kudzakonza matchalitchi akale a m'deralo, ndipo pa ntchito imeneyo padapezeka masamba zikwizikwi a nyimbo, ena odyedwa ndi chinyezi ndi tizilombo. Pakati pa masambawo panali Misa ndi masalmo olembedwa dzina la Zipoli.