Nikolai Vavilov: Munthu Amene Adasungira Dziko Mbewu

Ambiri a ife timakumbukira bwino dimba la pasukulu ndi khasu lija tinkaliyesa chilango. Pa tsamba lathu la mbiri ya anthu otchuka lero tikumbutsane za munthu wina amene adaona kuti moyo wa dziko lonse wagona pa kambewu kakang'ono.

Nikolai Vavilov adabadwa m'chaka cha 1887 mu mzinda wa Moscow ku Russia. Bambo ake anali munthu wamalonda wolemera ndithu, koma adachokera kubanja la alimi osauka akumudzi. Nikolai ali wamng'ono, m'chaka cha 1891 ndi 1892, kudagwa chilala ndipo njala idapha anthu miyandamiyanda. Atakula adakana kutsata malonda a bambo ake nasankha maphunziro a zamalimidwe, cholinga chake n'chakuti njala ithe.

M'chaka cha 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, boma lidamtuma ku Iran kukafufuza chomwe chinkadwalitsa asilikali akadya buledi. Iye adapeza kuti tirigu wawo anali wosakanikirana ndi njere za udzu woledzeretsa. Atatha ntchitoyo sadabwerere msanga, koma adakwera mapiri a Pamir kukatola mitundu ya tirigu imene alimi akumeneko ankalima. Adazindikira kuti mbewu zamakolo, zomwe anthu ophunzira ankazinyoza, zili ndi mphamvu yopirira chilala, chisanu ndi matenda, ndipo mphamvuyo ingathe kulowetsedwa mu mbewu zatsopano pozikwatitsa.

Njala ina yoopsa idagwa m'chigwa cha mtsinje wa Volga m'chaka cha 1921. Chaka chomwecho Vavilov adayamba kutsogolera malo ofufuzira za mbewu mu mzinda umene pambuyo pake udatchedwa Leningrad. Ndalama zinali zosowa, nyumba zozizira, koma iye adalimbikira kutola mbewu. Adayenda m'maiko oposa 50, nthawi zambiri pa kavalo kapena bulu. Adafika ku Afghanistan mu 1924, ku Ethiopia mu 1927, kenaka ku Mexico ndi ku South America. Adaphunzitsa kuti mbewu iliyonse ili ndi kwawo kumene idayambira, ndipo kumeneko n'komwe kumapezeka mitundu yake yochuluka. Chimanga chomwe timachiyesa chathuchi, mwachitsanzo, kwawo ndi ku Mexico. Pofika 1940 nkhokwe ya ku Leningrad inali ndi mitundu ya mbewu pafupifupi 250,000, ndipo panalibe ina yoposa imeneyi padziko lonse.

Koma kunja kudayamba kuda. Boma la Joseph Stalin litakakamiza alimi kulowa m'minda yolima pamodzi, njala ya 1932 ndi 1933 idapha anthu mamiliyoni. Atsogoleri ankafuna munthu womuloza chala, ankafunanso mankhwala a msangamsanga. Apa padatulukira Trofim Lysenko, amene ankatsutsa sayansi ya momwe mbewu zimatengera kwa makolo ake, nalonjeza zokolola zochuluka m'zaka zochepa. Vavilov ankanena zoona, kuti kupanga mbewu yabwino kumatenga zaka zambiri. Adakana kusintha mawu ake ngakhale ankaona anzake akumangidwa mmodzimmodzi.

Mu Ogasiti 1940, ali pa ulendo wotola mbewu ku Ukraine, apolisi achinsinsi adamgwira. Adampanikiza ndi mafunso usiku ndi usana kwa miyezi yambiri, ndipo mu Julaye 1941 adamgamula kuti aphedwe. Pambuyo pake chilangocho adachisintha kukhala zaka 20 m'ndende. Omwe adakhala naye m'chipinda chimodzi ku ndende ya Saratov adasimba kuti iye ankawaphunzitsa za mbewu ndi za maiko amene adayendako, kuti mitima yawo isafooke. Pa 26 Januwale 1943, munthu amene adapereka moyo wake kulimbana ndi njala adamwalira ndi njala m'ndendemo, ali ndi zaka 55.

Nanga mbewu zija? Asilikali a Germany adazinga Leningrad kuyambira mu Seputembala 1941 mpaka Januwale 1944. Chakumapeto kwa 1941 anthu ambiri ankalandira buledi wolemera magalamu 125 okha patsiku, ndipo anthu mazana a zikwi adafa. Antchito a Vavilov sankadziwa komwe bwana wawo anali, komabe adatsala kulondera nkhokweyo. Adatsekera mbewu m'mabokosi a malata kuti makoswe asazidye, adapangana kuti munthu asalowe yekha m'chipinda cha mbewu, ndipo ankasonkha kamoto kuti mbatatesi zisaume ndi chisanu. Alexander Shchukin, katswiri wa mtedza, adafera pa tebulo lake la ntchito. Dmitri Ivanov adamwalira ndi njala ali wosunga mapaketi zikwi zingapo a mpunga. Enanso angapo adafa chimodzimodzi osakhudza mbewu zomwe zikadawapulumutsa. Iwo ankakhulupirira kuti nkhondo idzatha, ndipo otsalawo adzafuna chobzala.

Nkhondo idathadi. Mbewu zambiri zidapulumuka, ndipo zidathandiza kupanga mitundu yatsopano ya tirigu, mbatatesi ndi zina zimene zidabzalidwa m'minda yaikulu ya dzikolo. Mu 1955 boma lidavomera kuti Vavilov analibe mlandu, ndipo mu 1967 malo aja adapatsidwa dzina lake. Alipobe mpaka lero mu mzinda womwewo, umene tsopano ndi St Petersburg.

Anzathu, nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Agogo athu ankapachika chimanga cha mbewu pa tsindwi la khitchini, ndipo ngakhale nkhokwe igone pansi mu Febuluwale, chimenecho sankachikhudza. Akulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Pa mavuto a masiku ano, aliyense wa ife adzifunse kuti mbewu yomwe waisunga m'manja mwake ndi iti: kaya ndi mwana wosowa fizi, kaya ndi laibulale ya sukulu yathu, kaya ndi ntchito imene adaiphunzira ndipo angathe kuphunzitsako wina.