Ronald Ross, dokotala amene ankang'amba udzudzu

Kale anthu ambiri, ngakhale madokotala, ankati malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo. Amene anasonyeza kuti mlandu ndi wa udzudzu ndi a Ronald Ross.

A Ross anabadwa mu 1857 ku Almora, m'dziko la India. Bambo awo anali mkulu wa asilikali a Britain. Mwanayo mtima unali pa ndakatulo ndi nyimbo, koma bambowo anamutumiza ku London kukaphunzira udokotala. Mu 1881 a Ross anayamba ntchito ya udokotala wa asilikali ku India.

Tizilombo ta malungo tinali titaoneka kale m'magazi a wodwala. Anationa ndi Alphonse Laveran, ku Algeria, mu 1880. Koma timalowa bwanji m'thupi? Dokotala wina wa ku London, Patrick Manson, anauza a Ross kuti ayang'ane udzudzu.

Ntchito yake inali yotopetsa. Ankagwira udzudzu, n'kuusiya kuti ulume wodwala, kenako n'kuung'amba umodziumodzi pa makina okuzira zinthu zing'onozing'ono. Zaka ziwiri zinatha osapeza kanthu, chifukwa ankang'amba udzudzu wa mtundu wina. Iwonso anadwala malungo. Pa 20 Agosto 1897, ku Secunderabad, anaona tizilomboto m'mimba mwa udzudzu wa mawanga m'mapiko. Udzudzuwo unaluma wodwala wina dzina lake Husein Khan, amene ankalipidwa kandalama kamodzi pa udzudzu uliwonse. Dzina lakelo satchula kawirikawiri, koma magazi anali ake.

Akuluakulu a ntchito sanasamale. Anawasamutsira kudera limene malungo anali ochepa. Mu 1898 anapitiriza ku Calcutta, pogwiritsa ntchito mbalame. Kumeneko anaona kuti tizilombo timachoka m'mimba mwa udzudzu n'kupita m'malovu ake. Ukaluma, umatilavulira m'magazi.

Nthawi yomweyo Giovanni Battista Grassi ndi anzake ku Italy anasonyeza kuti malungo a anthu amafalitsidwa ndi udzudzu wa Anopheles. Mphoto ya Nobel ya 1902 inapita kwa a Ross okha, ndipo anakangana ndi Grassi zaka zambiri. Kunena zoona, a Ross sankadziwa kugawana ulemu. Anamwalira ku London mu 1932.

Katemera sanamuone. Koma katemera wa RTS,S amalimbana ndi tizilombo ta m'malovu tomwe tija, tisanachulukane m'chiwindi. Anamuyesa pa ana a ku Manhiça, m'chigawo cha Maputo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2004. Sateteza kotheratu, choncho neti imafunikabe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse linamuvomereza mu 2021, patatha zaka 89 a Ross atamwalira. Mu 2024 ana a ku Zambézia anayamba kulandira katemera wina wa mtundu womwewo, wotchedwa R21.