Nikolai Panin, wodandaula amene anadzakhala woweruza

Kuno ku Petauke ndi ku Nyimba aisi timangoiona mu filiji. Ku Russia mtsinje wonse umauma gwa, anthu nkumavina pamwamba atavala nsapato zokhala ndi zitsulo kunsi. Nikolai Panin, wobadwa mu 1872, anali katswiri wa masewera amenewa.

Pa Olympics ya ku London mu 1908 anacoka mpikisano uli mkati, pokhulupirira kuti oweruza akukondera Ulrich Salchow wa ku Sweden. Inu amene munaonetsapo ng'ombe pa cionetsero ca zaulimi mukudziwa kuwawa kwake. Komabe analowa mpikisano wina, wojambula maonekedwe pa aisi ndi mapazi, napatsa Russia golide yake yoyamba.

Pambuyo pake iye mwini anakhala woweruza ndiponso mphunzitsi. Anamwalira ku Leningrad mu 1956.