MBUSA THOMAS BRANCH: WOPHUNZIRA WOMVERA

Werengani: Yohane 14:15, Ahebri 11:8, 1 Samueli 15:22.

Dzina la Malamulo tonse timalidziwa, koma ndi ochepa mwa ife amene anamva za munthu amene anasenza ntchito ya pamalopo dzinali lisanaperekedwe. Munthuyo ndi Mbusa Thomas Branch, ndipo moyo wao ukutiphunzitsa kuti wophunzira weniweni wa Yesu amazindikirika ndi kumvera.

A Branch anabadwa m'chaka cha 1856 ku Missouri, m'dziko la America, m'masiku a ukapolo. Atakula anagwira ntchito ya m'sitima zapamtunda ku Colorado, ndipo kumeneko iwo ndi akazi ao, mai Henrietta, analandira choonadi cha Sabata. M'chaka cha 1902 mpingo unawaitana kuti apite ku Nyasaland. Anali ndi zaka 45, msinkhu umene ambiri amafuna kukhazikika pakhomo, komabe ananyamuka pamodzi ndi akazi ao ndi ana atatu, monga Abrahamu amene anatuluka osadziwa kumene akupita.

Mayesero anayamba asanafike n'komwe. Pa doko la Chinde, pamene apaulendo ankakwera sitima za pa Zambezi ndi Shire, akuluakulu a Britain anawaimitsa masiku 9. Iwo ankaopa kuti munthu wakuda wophunzira wochokera ku America adzautsa mitima ya anthu kuti aukire boma. A Branch sanabwerere. Anadikira mpaka ataloledwa, ndipo mu August 1902 anafika pa mishoni ya Plainfield ku Thyolo.

Joseph Booth, amene anabwera nao, anachoka patangopita miyezi yowerengeka. Joseph Watson, amene anatumizidwa kudzathandiza m'chaka cha 1903, anamwalira chaka chomwecho. Banja la a Branch linatsala lokha. Bambo ankalalikira ndi kuyang'anira minda, mai ankasamalira odwala, ndipo mwana wao Mabel ankaphunzitsa sukulu. Zaka zitatu zinatha popanda wobatizidwa. Ubatizo woyamba unachitika m'chaka cha 1905, ndipo pa 14 July 1906 a Branch anakhazikitsa mpingo woyamba wa Seventh-day Adventist m'dziko muno.

Yesero lalikulu linadza pamene zipatso zinayamba kuoneka. M'chaka cha 1907 mpingo unatumiza Joel Rogers kudzatsogolera mishoniyo, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene malowo anatchedwa Malamulo. A Branch anapereka m'manja mwa wina munda umene analima ndi thukuta lao. Sanagawe nkhosa kapena kuyambitsa mpingo waowao. Anapita ku South Africa, kenaka anabwerera kwao, napitiriza kutumikira mpingo womwewo ku Philadelphia. Mai Henrietta anagona tulo ta imfa m'chaka cha 1913, ndipo a Branch anatsatira m'chaka cha 1924.

Tisaganize kuti kumvera kumeneku kunali mtengo wogulira chipulumutso. Timapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro. Koma Ambuye anaphunzitsa kuti wowakonda amasunga malamulo ao, ndipo Samueli anauza Sauli kuti Mulungu amakondwera ndi mtima womvera koposa nsembe. A Branch anamvera pamene anauzidwa kupita, anamvera pamene kunali kofunika kukhala, ndiponso anamvera pamene anauzidwa kuchoka.

Mtsinje wa Shire umene unabweretsa uthengawu ndi womwewo umene timaoloka pa Liwonde. Ife a ku Machinga ndi ku Balaka sitinaitanidwe kuoloka nyanja zazikulu, koma kumvera kwathu kumayesedwa sabata iliyonse. Dzuwa likamalowa Lachisanu, msodzi wa pa Chilwa amayenera kusankha pakati pa ukonde ndi Sabata. Mlimi wa thonje akalandira ndalama zake amasankha za chakhumi. Mkulu wa mpingo amene sanasankhidwenso pa udindo amasankha pakati pa kuthandiza wolowa m'malo mwake ndi kukhala kunyumba mokwiya. Anansi athu a Chisilamu, amene amasiya malonda kuti akapemphere Lachisanu masana, amaona ngati ifenso timalemekeza tsiku limene timalalikira.

Zokambirana: Kodi ndi lamulo liti la Ambuye limene timalidziwa bwino koma tikuzengereza kulichita? Nanga tikapemphedwa kusiyira wina ntchito imene tinaiyamba, tidzachita chiyani?