Antonio de Nebrija, Mlembi wa Galamala Yoyamba ya Chisipanishi

Aliyense amene akuyamba kuphunzira Chisipanishi, n'kumaloweza mayina oyenda ndi "el" ndi ena oyenda ndi "la", akudutsa m'njira imene Antonio de Nebrija analambula. Mkuluyu anabadwira ku Lebrija, kufupi ndi Sevilla, cha m'ma 1444. Ataphunzira ku Salamanca anapita ku Bologna m'dziko la Italy, ndipo atabwerako anayamba kuphunzitsa Chilatini pa yunivesite ya Salamanca.

Masiku amenewo anthu ophunzira ankaona ngati galamala ndi ya Chilatini basi, pomwe chiyankhulo cha kumsika ndi kumudzi sichinkayenera kulembedwera malamulo. Nebrija anatsutsa maganizowa mu 1492 posindikiza Gramática de la lengua castellana, buku limene analipereka kwa Mfumukazi Isabel. Analigawa magawo asanu, ndipo gawo lomaliza analembera alendo ofuna kuphunzira chiyankhulochi, powasonyeza kasinthidwe ka mayina ndi aneni. Komatu tisamuyamikire mopyola muyeso: m'mawu oyamba a bukuli anafotokoza kuti alendo ena anali mitundu imene Spain idzagonjetse, yomwe idzafunika kumva malamulo a olamulira atsopanowo.

Bukuli silinatchuke iye ali moyo, moti linadzasindikizidwanso m'zaka za m'ma 1700. Limene linkayenda malonda linali buku lake la Chilatini la mu 1481. Nebrija anamwalira mu 1522 ku Alcalá de Henares, akuphunzitsabe.